Masitiroberi Alowe M'malo mwa Zotsekemera, Osati Mankhwala

Makolo ena onenepa kwambiri amva kuti masitiroberi amathandiza mtima. Ife tikuvomereza, koma tisawayese mankhwala. Kafukufuku wa ku America wasonyeza kuti akuluakulu onenepa akamadya zipatsozi tsiku lililonse, mafuta oipa m'magazi angatsike ndipo thupi limagwiritsa bwino ntchito shuga. Magalamu 100 a masitiroberi ali ndi shuga pafupifupi magalamu 5, pomwe mamililita 100 a Coca-Cola ali ndi magalamu 10. Phindu lili pa kusinthanitsa. Mukawagula paphiri la Zomba, atsukeni ndi kudya osathira shuga, m'malo mwa mandasi ndi zoziziritsa kukhosi. Amene mukumwa mankhwala a BP kapena a shuga, chonde musasiye. Ana, akumbutseni makolo anu zimenezi mwaulemu.