Kodi kiyi wa makinawa asunge ndani?

M'chaka cha 2022, asilikali a dziko la Russia atalanda mzinda wa Melitopol ku Ukraine, anakalowa pamalo ogulitsira makina a ulimi a John Deere ndi kutengapo mathirakitala ndi makina okololera mbewu a ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni. Ena mwa makinawo anawakweza pa malole mpaka ku Chechnya, mtunda woposa makilomita 1,000. Atafika nawo, malinga ndi zimene inaulutsa wailesi ya kanema ya CNN mu Meyi chaka chomwecho, makinawo anakana kulira. Sikuti anaonongeka panjira ayi. Munthu wina, ali kutali, anali atawatseka kudzera pa netiweki.

Anthu ambiri anaomba m'manja, ndipo nafenso sitingamvere chisoni mbala. Koma titamaliza kuseka tinagwira njakata. Ngati thirakitala ingatsekedwe ndi munthu wakutali chifukwa choti yabedwa, ndiye kuti ingatsekedwenso pa chifukwa china chilichonse chimene munthuyo angachione choyenera. Lamulo lotere limafika pa makina kudzera pa chingwe chosaoneka ndi maso, ndipo kumapeto kwa chingwecho kumakhala kanthu kamene tonse timakadziwa: simukhadi. Tikulemba ndemangayi chifukwa kasimu kameneka kakusintha, ndipo kakusinthira m'misonkhano ya akatswiri imene munthu wamba samva n'komwe kuti yachitika.

Simukhadi zoyamba zinapangidwa mu 1991 ndi kampani ya Giesecke & Devrient ya ku Munich, imene inagulitsa makhadi 300 kwa kampani ya lamya ya Radiolinja ya ku Finland. Kuno kwathu mafoni a m'manja anayamba ndi TNM mu 1995. M'kati mwa simu muli zinthu ziwiri zofunika: nambala yodziwitsa netiweki kuti ndiwe yani, ndi nambala ina yachinsinsi yotsimikizira kuti sukunama. Tingoti ndi chiphaso. Ubwino wa chiphaso chimenechi ndi woti chimakhala m'manja mwako. Kampani ikakukwiyitsa, umabwereka phini kapena ndolo, kutulutsa simuyo, kuitaya, ndi kukagula ina kwa ejenti wa pa kona. Ndi kaufulu kakang'ono, koma kako.

Tsono lero simu sizili m'mafoni mokha. Zili m'timakina totsata kumene lole ili, m'makina olipirira ndi khadi m'masitolo, m'mamita a madzi ndi a magetsi a m'maiko ambiri, m'mafiriji osungira katemera. Ku European Union, kuyambira mu 2018, mtundu uliwonse watsopano wa galimoto uyenera kukhala ndi chipangizo choimba chokha nambala ya 112 pakachitika ngozi. Zonsezi ndizo azungu amazitcha Internet of Things, kapena IoT mwachidule: makina olankhulana okhaokha popanda munthu wonena kuti halo.

Vuto lake n'losavuta kuliona. Tiyerekeze kuti bungwe la madzi laika mamita 50,000 m'tauni, iliyonse ndi simu yake, kenaka kampani ya netiweki yakweza mitengo. Kuti lisamukire kwina, bungwelo liyenera kutuma munthu kukagogoda pa khomo lililonse, kukangana ndi agalu, kutsegula mita ndi kusintha simu. Palibe amene angachite zimenezo, ndipo kampani ya netiweki imadziwa bwino kuti palibe. Kapena taganizirani lole yochoka ku Blantyre kupita ku Durban. Idutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, ndi kutulukira pa Beitbridge. Maiko anayi. Kachipangizo kolondola loleyo kamakhala mlendo m'maiko atatu, ndipo mlendo pa netiweki amalipira mtengo wa mlendo.

Apa ndi pamene yabwerera eSIM. M'makina ambiri iyi imakhala kachitsulo ka mamilimita 5 m'lifupi ndi 6 m'litali, kowotchereredwa m'kati moti sungakazule. Kachitsuloko kali ngati kachikwama: chiphaso chimatumizidwamo pa mphepo, chikhoza kufufutidwa, china n'kulowamo, ndipo mukhoza kukhala ziphaso zingapo, chimodzi chikugwira ntchito zina zikudikira. Lole ija ikhoza kupatsidwa chiphaso cha dziko limene ikhalitsamo popanda dalaivala kutsika. Bungwe la madzi lija likhoza kusamutsa mamita onse munthu atakhala pa mpando mu ofesi. Ife sitikutsutsa kuti zimenezi ndi zabwino. Ndi zabwino ndithu.

Koma onani chimene chachitika. Phini ija yachoka m'manja mwa mwini makina, ndipo yasanduka kiyi wokhala pa kompyuta yaikulu kwinakwake. Abale athu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi London simufunika kuuzidwa tanthauzo la chiphaso chimene munthu wina angathe kuchifufuta iwe uli kunja. Ndipo amene munatsala kuno mukukumbukira masiku amene munthu wopanda khadi samalowa mumsika kapena kukwera basi.

Malamulo a kayendetsedwe ka eSIM amalembedwa ndi GSMA, bungwe la makampani a mafoni a dziko lonse limene likulu lake lili ku London. Mbiri ya malamulowa ndi yofunika kuimva, ngakhale maina ake ndi oumitsa pakamwa. Loyamba la makina, lotchedwa SGP.02, linatuluka zaka zoposa khumi zapitazo ndipo analigwiritsa ntchito kwambiri ndi opanga magalimoto. M'dongosolo limenelo kiyi amakhala pa kompyuta yotchedwa SM-SR, imene kawirikawiri imayendetsedwa ndi kampani ya netiweki kapena yopanga simu. Pa pepala, mwini makina anali ndi ufulu wosamuka. Koma kuti asamukedi, kampani imene akuithawayo inayenera kukhala pansi ndi kampani yatsopano ndi kulumikiza makompyuta awo, ntchito yodya nthawi ndi ndalama. Kunali ngati kupempha mwini nyumba amene wakangana naye kuti akubwereke ngolo yosamukira. Komanso dongosololi limadalira mauthenga a SMS, pomwe timakina tambiri ta masiku ano timagona nthawi yaitali posunga batire ndipo sitilandira SMS bwinobwino.

Mu 2016 kunabwera lamulo la mafoni ndi mawotchi a anthu, SGP.22, limene ambiri alidziwira pa kujambula kachizindikiro ka QR. Limeneli linaika mphamvu kwa mwini foni, ndipo lakhazikika moti mu 2022 kampani ya Apple inayamba kugulitsa iPhone 14 ku America yopanda n'komwe polowetsa simu. Koma mita ya madzi ilibe kamera, ilibe chala chodinira batani.

Ndiye mu Meyi 2023 GSMA inatulutsa SGP.32, lamulo lopangidwira makina a IoT. M'menemu ziphaso zimachokera pa makompyuta omwe aja operekera ziphaso za mafoni, otchedwa SM-DP+, koma wolamula kuti "tenga chiphaso ichi, siya icho" ndi pulogalamu yapadera yotchedwa eIM. Chatsopano n'choti eIM siyenera kukhala ya kampani ya netiweki. Ikhoza kukhala ya mwini makina, kapena ya wina aliyense amene mwiniyo wamusankha, ndipo ikhoza kusinthidwa. Muli ngakhale njira yoti chiphaso chatsopano chikakanika kugwira netiweki, makina abwerere pa chakale m'malo mongofera m'tchire.

Chikomekome cha mkuyu. Kachitsulo kaja kamamvera eIM imene inalembedwamo kale, ndipo kuti eIM ina ilowe pamafunika chilolezo cha imene ilipoyo. Kunena kwina, lamulo la GSMA latsegula chitseko, koma woti udutse kapena usadutse ndi amene anayamba kugwira kiyi. Ukagula makina 50,000 osafunsa kuti eIM yake ili m'dzina la ndani, wabwerera kwa mwini nyumba uja ndi ngolo yake. Nkhaniyi tsopano si ya mainjiniya okha. Ndi ya anthu olemba ndi kusaina makontirakiti.

Maboma nawo anaona kale kuti pali kiyi wofunika. Dziko la Brazil limaletsa makina kukhala mpaka kalekale pa netiweki yake ndi chiphaso cha kunja. Dziko la Turkey linapita patsogolo: mu 2019 bungwe lake loyang'anira za mauthenga, BTK, linalamula kuti makompyuta operekera ziphaso za eSIM akhale m'dzikomo, m'manja mwa makampani a komweko. Mu Julayi 2025 bungwe lomwelo linatseka masamba a pa intaneti a makampani angapo akunja ogulitsa eSIM kwa apaulendo, monga Airalo ndi Holafly. India inali itachotsetsa kale mapulogalamu a makampani awiri omwewa m'masitolo a Apple ndi Google mu Januwale 2024. Chimene maboma amaopa chinaonekera ku Gaza kuyambira mu Okutobala 2023, pamene mlembi wa ku Egypt, Mirna El Helbawi, anayambitsa ntchito yotumizira anthu ma eSIM aulere kuti agwire netiweki za maiko oyandikana nawo pamene yakwawo inali itazima. Chiphaso chobwera pa mphepo sichiima pa chipata kuti chidindidwe.

Tisanamizane, mfundo ya maboma amenewa si yopanda nzeru yonse. Makina akakhala m'dziko muno zaka khumi akulipira kampani ya ku Ulaya, ndalama zakunja zimene tikuzisowa kale zimatuluka mwezi ndi mwezi, pomwe nsanja zimene akugwiritsa ntchito zinamangidwa ndi makampani olipira msonkho kuno. N'koyenera kuti makina okhazikika kuno azikhala ndi chiphaso cha kuno, ndipo eSIM ndiyo imapangitsa zimenezi kukhala zosavuta: makina afike ndi chiphaso cha kunja, akadzuka alandire cha kwathu. Mpaka apa tikugwirizana.

Pamene tikukana ndi pa kiyi. Chiphaso kukhala cha m'dziko ndi nkhani ina, kiyi kukhala pamalo amodzi pamene boma lingatambasule dzanja ndi kum'tenga ndi nkhani inanso. Anansi athu a ku Mozambique anaona intaneti ya pa foni ikudulidwa ndi kuchepetsedwa chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Lamulo lodula netiweki silisiyanitsa foni ya wandale ndi makina olipirira a mayi wa golosale. Onjezani pamenepo mphamvu yofufuta chiphaso cha makina a munthu mmodzi, wosankhidwa ndi dzina, ndipo muona chida chimene atsamunda kapena boma la chipani chimodzi akadachilakalaka. Kuno kwathu mkangano wa makina a CIRMS, amene MACRA inagula ndipo anthu anawatcha makina a ukazitape kuyambira mu 2011, unatha zaka uli m'makhoti. Uja unali mkangano wa kumvetsera. Uwu ndi wa kutseka.

Ndipo makiyi akaunjikana pamalo amodzi amaitana akuba, ena a iwo ovala mataye. Mu Febuluwale 2015 nyuzipepala ya pa intaneti ya The Intercept, pogwiritsa ntchito zikalata za Edward Snowden, inaulula kuti akazitape a NSA ya America ndi GCHQ ya Britain anathyola makompyuta a Gemalto, imodzi mwa makampani akuluakulu opanga simu, pofuna kuba nambala zachinsinsi zija. Gemalto inavomera kuti zikuoneka kuti kuthyolako kunachitikadi m'zaka za 2010 ndi 2011, koma inakana zoti nambala zambiri zinabedwa. GSMA imayendera ndi kupereka ziphaso kwa malo osungira makiyi a eSIM, ndipo ndi bwino kuti imatero. Koma ngati kampani yotere inalowedwa ndi maboma amene amadzitcha aphunzitsi a demokalase, tisamayerekeze kuti pali chipinda chimene sichingathyoledwe.

Lamulo la za mauthenga la 2016, limene linatipangitsa kuima pa mizere mu 2018 kulembetsa simu ndi chitupa cha unzika, linkaona munthu ndi foni yake. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 linapatsa MACRA yomweyo ntchito yoteteza chinsinsi chathu. Ndiye kuti bungwe limodzi likulembetsa simu, likupereka malaisensi kwa makampani, komanso likuyenera kutiteteza kwa onsewo. Katundu ameneyu ndi wolemera, ndipo nkhani ya kiyi wa makina isaonjezedwepo ndi chikalata cha mu ofesi. Ikambidwe m'Nyumba ya Malamulo, poyera, amalonda a malole, a mabanki, a zipatala ndi anthu wamba atapatsidwa mpata wolankhula. Ife tikuti lamulo linene momveka kuti wosankha eIM ndi mwini makina, kuti wogulitsa akauzidwa kupereka kiyi apereke m'masiku owerengeka, ndi kuti ofesi ya boma isafufute kapena kuzimitsa chiphaso cha makina a munthu popanda chilolezo cha khoti.

Za makampani otseka katundu wa ngongole ndi zovutirapo. Ku Kenya, M-KOPA inafalitsa magetsi a dzuwa kwa mabanja osauka poika simu m'kati mwa chipangizo, kuti ukalephera kulipira nyali izime ndipo ukalipira iyakenso. Popanda kiyi ameneyo ngongoleyo sikadaperekedwa, ndipo anthu akadapitiriza kugula parafini. Sitinganene kuti ziletsedwe. Koma nyali ndi nyali. Firiji ya katemera pa chipatala cha kumudzi, kapena mita ya madzi pa nyumba ya ana asanu, sizingazimitsidwe mwa njira yomweyo popanda chenjezo ndi popanda kodandaulira.

Pakali pano pali chinthu chimodzi chosafuna kudikira lamulo latsopano. Bungwe lililonse logula mamita, timakina tolondola galimoto kapena zipangizo za m'chipatala ndi ndalama za msonkho lilembe m'chikalata choitanira ogulitsa kuti eIM idzakhala m'dzina la bungwelo, ndipo kontirakitiyo iikidwe poyera. Aphungu a komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma, akaitana akuluakulu a mabungwewa, asamangofunsa kuti mita imodzi yagulidwa zingati. Afunsenso kuti kiyi wake ali mumzinda uti, m'manja mwa kampani iti, ndi kuti kampaniyo ikagwa kapena ikagulidwa ndi ina, kiyiyo adzapita kwa ndani.