Ngongole ikafika m'khosi, lamulo likumbukirenso mlimi wamng'ono

Alimi anzathu, chilala cha 2024 chitawononga mbewu, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chimanga chidafota, koma ngongole ya feteleza idatsala chilili. Ndiye funso la mamembala ambiri n'lakuti: kodi munthu wolephereratu kubweza ali ndi pothawira?

Pothawira palipo. Lamulo la Insolvency Act la 2016 limalola Khoti Lalikulu kugamula kuti munthu wagwa ndi ngongole. Zikatero, katundu wake amagulitsidwa, ndalama n'kugawidwa kwa amene adamukongoza, ndipo pakapita nthawi amamasulidwa ku ngongole zambiri zotsala. Koma tidziwe kuti ngongole sizifanana.

Ngongole ya chikole siifa ndi chigamulo chotere. Ngati mudapinyolitsa ngolo, ng'ombe kapena chigayo, wokongozayo ali ndi mphamvu yotenga chikolecho. Amene adakukongozani popanda chikole, monga wagolosale, amadikira zotsala ndipo kawirikawiri amalandira zochepa.

Ngongole ya kalabu ndiyo yofunika kusamala kwambiri. Ngati mudasainirana kuti wina akalephera enanu mudzabweza, kumasulidwa kwa mnzanuyo sikumasula inu. Chimodzimodzinso amene adaimira mbale wake pa ngongole. Nayo ngongole yotengedwa mwachinyengo siifafanizidwa. Ya fodya wa pakontirakiti imadulidwa pogulitsa pomwepo, ndalama isanafike m'manja mwa mlimi.

Za katapila, musaope ziopsezo. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso.

Bungwe lathu silikulimbikitsa kuthawa ngongole. Akuluakulu akukumbukira momwe ngongole za makalabu za SACA zidagwera chitachitika chilala cha 1992, anthu atasiya kubweza. Amene adavutika pambuyo pake ndi alimi omwe, chifukwa ngongole ya zipangizo idayamba kusowa.

Dandaulo lathu n'lakuti lamuloli lili kutali ndi mlimi wa maekala awiri. Wolephera kubweza matumba anayi a feteleza angaipeze kuti ndalama ya loya ndi yoyendera kupita ku Khoti Lalikulu? Mapeto ake amagulitsa mbuzi, njinga ngakhale malata a nyumba, zomwe zikadamuthandiza kudzukanso.

Choncho tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi mabungwe obwereketsa ndalama zinthu zitatu. Choyamba, pakhale njira yotchipa yokambirana za ngongole zing'onozing'ono ku makhoti a majisitireti. Chachiwiri, boma likalengeza za ngozi m'dera, nthawi yobweza italikitsidwe popanda chindapusa. Chachitatu, ngongole ya zipangizo zaulimi izibwera ndi inshuwalansi ya mbewu.

Kwa inu mamembala, safunsa adadya phula. Musasaine chikalata musanamve chikole chake, chiwongoladzanja chake ndi amene adzabweze mnzanu akalephera. Bwerani nacho ku msonkhano wa kalabu, tiwerengere limodzi.