Tsamba logona limathawitsa makasitomala

Ku Sunnyside kulibe piringupiringu wa ogula ngati mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande. Ophika makeke, oluka tsitsi ndi ogulitsa zovala kumeneko ambiri amachitira malonda awo kuseri kwa mpanda, komwe wodutsa mumsewu sangaone katundu. Benchi yawo ndi foni. N'chifukwa chake munthu mmodzi amapezeka ali ndi masamba awiri a Facebook, nambala ya WhatsApp, akaunti ya TikTok ndi ina ya Instagram, poganiza kuti masamba akachuluka makasitomala nawonso achuluka.

Maganizo amenewa ndi oluzitsa. Tsamba lililonse limafuna munthu wolikhalira, monga momwe benchi yamumsika imafunira mwini wake. Wamalonda amene ali yekha, yemwe ndi wopikula, wogulitsa komanso wotumiza katundu pa kabaza, sangasamale masamba asanu. Awiri kapena atatu amagona, ndipo ogonawo ndiwo amamuipitsira mbiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Vuto loyamba ndi mitengo. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kuchokera nthawi imeneyo mtengo wa shuga, fulawa, mafuta ophikira kapena belo la kaunjika sukhalitsa malo amodzi. Koma chithunzi chomwe chinaikidwa pa Facebook chaka chatha chikadali pomwepo ndi mtengo wakale. Kasitomala amachiona, n'kukwera minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni, kukafika n'kuuzidwa mtengo wina. Iye saganiza kuti tsamba linaiwalika. Amaganiza kuti wanamizidwa, ndipo amakauza anzake. Mwina amakafikanso ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula pa nkhani zotsatsa malonda mosocheretsa.

Vuto lachiwiri ndi akuba. Anthu achinyengo amatha kukopera zithunzi za katundu wa eni, kutsegula tsamba la dzina lofanana, n'kumauza ogula kuti atumize ndalama ya dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ngati mwini malondayo ali kale ndi masamba angapo a mayina osiyanasiyana ndi manambala osiyanasiyana, wogula adziwa bwanji lenileni? Wokhala ndi dzina limodzi ndi nambala imodzi amathandiza makasitomala ake kuzindikira wakuba msanga.

Ena anganene kuti ogula ndi osiyana: achinyamata ali pa TikTok, amayi ambiri ali pa WhatsApp, a m'maofesi a mu Victoria Avenue amafufuza pa Google. Izi n'zoona, ndipo palibe chifukwa chowathawira onsewa. Chofunika n'chakuti mitengo ikhale malo amodzi, masamba enawo akhale ngati zikwangwani zolozera kumeneko. WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere, ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu yense ndi mitengo yake, ndipo mtengo ukasintha umakonzedwa kamodzi basi. Pa TikTok ndi pa Instagram pakhale katundu ndi nambala ya foni, mtengo ayi. Mitengo yosintha tsiku ndi tsiku, monga ya tomato, nsomba kapena mazira, imakhala bwino pa Status chifukwa imafufutika yokha pakatha maola 24. Ngati mtengo walembedwa pa Facebook, ulembedwe pamodzi ndi deti lake.

Kuti malonda apezeke munthu akafufuza, mawu ndiwo amagwira ntchito. Wofuna keke salemba dzina la bizinesi lomwe sanalimvepo. Amalemba chimene akufuna ndi dera limene ali. Choncho pansi pa chithunzi chilichonse pazilembedwa dzina la katunduyo ndi malo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, osati kungoika chithunzi ndi mawu oti "inbox". Malowo azilembedwa onse, chifukwa ku Pretoria kulinso dera lotchedwa Sunnyside, ku Scotland kuli Blantyre, ndipo ku Cameroon kuli mzinda wa Limbe. Kulemba kuti Sunnyside, Blantyre, Malawi kumachotsa chisokonezo.

Google nayo imalola wamalonda kulembetsa bizinesi yake mwaulere kudzera pa Google Business Profile, kuti izioneka pa mapu pamodzi ndi nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira. Kwa wogulitsira kunyumba, izi zimapulumutsa mayunitsi omwe amathera polondolera wa kabaza njira. Koma zimathandiza pokhapokha dzina, nambala ndi malo zikufanana ndi zimene zili pa masamba ena onse. Ndemanga za makasitomala okhutira zimakwezanso bizinesi pa mndandanda, ndipo zikamwazikana pa masamba anayi sizilemera paliponse.

Pali nthawi imene masamba awiri amafunikadi, monga pamene munthu akugulitsa makeke komanso zipangizo za galimoto. Amenewa ndi malonda awiri okhala ndi ogula osiyana. Koma kutsegula tsamba latsopano chifukwa chakuti lakale lazizira, kapena chifukwa mphwake amene analitsegula anapita ndi pasiwedi ku Joni, n'kungoonjezera mabenchi opanda munthu. Mwini bizinesi azisunga yekha pasiwedi ndipo tsamba lizilembetsedwa pa nambala yake. Masamba awiri a Facebook a mayina ofanana omwe ali m'manja mwa munthu mmodzi amatheka kuwaphatikiza. Losafunika lifufutidwe, kapena lisiyidwe ndi uthenga umodzi wolozera ku tsamba lenileni.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Wamalonda abwereke foni ya mnzake, afufuze dzina la bizinesi yake pa Facebook ndi pa Google, aone chimene chikutuluka. Akapeza mtengo wa chaka chatha, nambala yomwe inatayika kapena funso la kasitomala lomwe lakhala miyezi itatu osayankhidwa, ntchito ya sabata ino ndi imeneyo, asanagule bandulo ina yotsatsira malonda.