KUPATSA NKUIKA: NCHITO ZA AMISIRI ZISATHERE KUNJA

Pamene nyumba yosungiramo cuma ca mtundu ya Lusaka National Museum inatsegulidwa mu 1996 pa mseu wa Independence Avenue, dziko la Zambia linali litadzilamulira kwa zaka 32. Pa zaka zonsezo amisiri sanapinde manja ai. Anajambula, anasema, anaumba, ndipo ena anatsikira kuli cete nyumbayo isanatsegule zitseko zace. Kodi nanga nchito zao zinasungidwa ndi yani?

Zambiri zinapulumuka cifukwa ca anthu ocepa amene anapereka ndalama ndi nthawi yao popanda wowatuma. Mu 1986 Mai Cynthia Zukas, Bambo Henry Tayali ndi Mai Bente Lorenz, mmisiri woumba, anakhazikitsa bungwe la Lechwe Trust kuti lizigula nchito zabwino za amisiri a m'dziko muno ndi kuzisungira mtundu. Masiku amenewo mtengo wa kopa unali utagwa ndipo Kwacha inali kufookerafookera. Mmisiri wokhala ndi ana anjala pakhomo sakanafunsa kumene cithunzi cace cidzapita; anali kugulitsa kwa yense wobwera ndi ndalama, ndipo ogula ambiri anali alendo amene pobwerera kwao analongedza zithunzizo pamodzi ndi mipando.

Bambo Tayali, amene anaphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, ndiponso amene anapanga cifanizo ca The Graduate coimirira pa University of Zambia, anamwalira ku Germany mu 1987, bungwelo litangotha caka cimodzi. Cithunzi cao cochuka ca Destiny, cimene anajambula akali mnyamata, cinali m'manja mwa munthu wa kunja. Bungweli linacigula, ndipo lero ndi ca Zambia. Akulu anati kupatsa nkuika. Zimene zinaikidwa pang'onopang'ono zinafika mazana, koma zinakhala zaka zoposa 30 zilibe nyumba yaoyao, kufikira mu 2018 pamene bungweli linatsegula malo ace oonetserako pa Lagos Road. Kucedwa kumeneku sikupatsa ulemu mzinda waukulu wa dziko.

Kudalira opereka si kwa Lusaka yekha. Ku Mbala, Moto Moto Museum inayamba ndi zinthu zimene wansembe wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil, anasonkhanitsa m'midzi ya kumpoto, ndipo mu 1974 inakhala ya mtundu wonse.

Komatu pali mbali ina imene siyenera kubisidwa. Nyumba yomangidwa pa mphatso imaona ndi maso a opereka. Cimene iwo anakonda ndico cimene zidzukulu zidzaona. Cimene anacipitirira cinatayika. Bambo Stephen Kappata, amene anajambula moyo wa m'nthawi ya atsamunda mosapsatira, anadziwika cifukwa Mpapa Gallery inaika zithunzi zao poyera. Nanga anzao amene sanakumane ndi wowazindikira ali kuti? Pa Kabwata Cultural Village, m'nyumba zozungulira zija za pa Burma Road, anthu asema mitengo kwa zaka zambirimbiri, koma cosema cikagulidwa cimacoka copanda dzina la mwini. Cimodzimodzi amai oumba mbiya ndi oluka madengu. Ulemu umene umapatsidwa kwa wojambula ndi utoto uwayenera iwonso.

Tsono nchito yatsala kwa iwo amene Mulungu anawadalitsa. M'nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, m'mabanki ndi m'maofesi a pa Cairo Road, muli zithunzi za zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zimene zimaonedwa ndi alendo a pakhomo okha. Mwini akamwalira, pogawana cuma anthu amalimbirana galimoto ndi nyumba, cithunzi cimaponyedwa m'cipinda ca makasu kumene ciswe ndi cinyezi zimacimaliza. Mwana wa sukulu wa ku Chelstone kapena ku Kabwata sadzalowa m'mipanda imeneyo, koma ku Independence Avenue akhoza kufika pa basi pamodzi ndi aphunzitsi ace.

Wofuna kupereka asadikire maliro. Apereke akali moyo, alembe dzina la mmisiri, caka cimene anagula ndi kumene anagulira, pakuti cithunzi copanda mbiri cimavutitsa ocisunga. Nayo National Museums Board, imene iyang'anira nyumba zimenezi m'malo mwa Boma, ili ndi udindo wace. Palibe munthu adzatulutsa cuma m'nyumba mwace ngati akayika za denga limene cidzakhala pansi pace. Wopereka aliyense alandire kalata yosonyeza cimene wapereka, cinthuco cilembedwe m'kaundula amene munthu wamba angathe kuona, ndipo pocionetsa dzina la mmisiri lilembedwe pamwamba, la wopereka pansi.