Mkangano wa ndalama za sukulu ukupweteka ana ku Kabudula

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula, m'boma la Lilongwe.

Tchuthi chachikulu cha mwezi wa Ogasiti ndinachikonzera ntchito. Ndinati m'mawa ndizikumana ndi ana amene akulowa Sitandade 8 mu Sepitembala, tizibwereza masamu ndi Chingerezi mwaulere, kuti mayeso a MANEB asadzawadzidzimutse. Masana ndizipita kudimba, chifukwa tomato ndi mpiru wokagulitsa pa msika wa Nsaru ndi amene amatifikitsa kumapeto kwa mwezi. Makolo nawo anali atagwirizana kuti pomwe kunja kwauma akumbe chimbudzi cha atsikana.

Za anazo zalephereka, chimbudzinso sichinakumbidwe. Komiti ya sukulu ndi ya makolo sizikumwerana madzi. Mafumu ena auza anthu awo kuti asagwire khasu pasukulu kufikira atamva mmene ndalama za boma zotukulira sukulu, zotchedwa SIG, zinayendera. Ine nditaitana ana, mayi wina anandiyankha pamjigo, anthu akumva, kuti, "Aphunzitsi, mwadya za boma, tsopano mukufuna za ife?" Sindinawayankhe. Mayi amenewo ndi amene ankapala moto kwathu, ndipo mwana wawo ndi mmodzi mwa ana anzeru m'kalasi langa.

Sindikuwada makolowa. Ndalama za SIG boma limatumiza ku akaunti ya sukulu kuti zigwire ntchito zimene anthu a m'deralo anagwirizana ndi kulemba okha. Ndi zawo, ndipo kufunsa ndi ufulu wawo. Koma zimafika mochedwa, nthawi zina chaka cha sukulu chitapendekeka kale, ndipo zikafika zimapeza mitengo itathawa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene kale inkagula simenti ndi malata lero imathera pa choko, marejisitala ndi mapepala. Kholo limamva kuti ndalama zabwera, likayang'ana pasukulu siliona chasintha. Pamene palibe woonetsa malisiti, munthu aganiza chiyani?

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Kaya zadyedwa kaya sizinadyedwe, chifukwa chiyani kagwiritsidwe kake kamakhala kachinsinsi cha anthu ochepa osayinira ku banki? Ife aphunzitsi wamba sitiona ngakhale pepala limodzi la ku banki, komatu ndife timakhala m'mudzi momwemo, timakumana ndi makolo kuchigayo, kumaliro ndi kutchalitchi. Chala chimaloza ife.

Bwerani mudzaone, akonzi. Chimbudzi cha atsikana chinatitimira ndi mvula yathayi, pakhomo pake tinangopingasa minga kuti ana a Sitandade 1 asagweremo. Mtsikana wamkulu akafuna kudzithandiza amapempha kupita kunyumba, ndipo tsiku limenelo sabweranso. Kalasi lina limaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi itatsamira ku tsinde, ana atakhalira zidutswa za njerwa. Mphepo ya Juni ikawomba, theka la kalasi limatsala kunyumba. Mvula ikayamba mu Novembala tidzawaunjika m'chipinda chimodzi ndi anzawo a kalasi lina, aphunzitsi awiri kumalankhula nthawi imodzi.

Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994. Koma poti mlonda ankafuna malipiro ndipo mayeso a pateremu ankafuna kusindikiza, makolo ankasonkhabe ndalama imene tinkaitcha ya chitukuko. Ndaonapo mwana akubwezedwa chifukwa cha ndalama imeneyi, ndipo zimandiwawa mtima. Kholo losonkha kuchokera pa mtedza wake wochepa liyenera kuuzidwa kumene ndalamayo yapita, mpaka tambala yomaliza.

Anzanga a ku Namitete, Mpingu ndi Nambuma tikakumana amanena zofanana ndi zimenezi, choncho vutoli si la sukulu imodzi.

Ndikupempha akuluakulu oyang'anira maphunziro m'dera lathu kuti asadikire sukulu zitsegulidwe. Aitanitse msonkhano wa mafumu, makomiti onse awiri, gulu la amayi osamalira atsikana ndi aphunzitsi, malisiti ndi mapepala a ku banki awerengedwe pamaso pa onse m'Chichewa. Wopezeka wolakwa achoke ndipo abweze. Kuyambira pamenepo, ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka izimatidwa pakhoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, tsiku lake ndi wolandira wake. Nalo boma litumize SIG kumayambiriro kwa chaka cha sukulu, ndipo liiwonjezere molingana ndi mitengo ya lero.

Kwa inu makolo, funsani ndithu za ndalamazo ndipo musatope, koma tumizani ana adzaphunzire. Sindikulipiritsa kanthu. Ndipo dzenje lija tikumbe nthaka isananyowe.

Mphunzitsi wodandaula,
Kabudula, Lilongwe