Manambala a mvula abwerere kwa mlimi

Alimi anzanga a m'tauni muno, lero ndifuna tikambe za makina oyeza nyengo. Pansi pa ntchito ya M-CLIMES, yomwe idayamba mu 2017 ndi thandizo la bungwe la UNDP, boma lidaika makina odziyendera okha m'maboma ambiri. Makinawa amayeza mvula, kutentha ndi mphepo, n'kutumiza manambala pa netiweki ya foni ku nthambi yoona zanyengo ku Blantyre. Izi n'zabwino ndithu. Koma funso langa ndi lakuti, kodi manambalawa amabwerera liti kwa ife?

Ife olima m'mapuloti ndi m'madimba ku Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona timangomva pa wailesi kuti m'chigawo chapakati mugwa mvula. Chigawochi n'chachikulu. Mvula yamabingu imatha kugwa ku Chitedze kapena ku bwalo la ndege la Kamuzu, komwe kuli zoyezera, pamene ku Kawale fumbi lili koboo. Mlimi akadzala ndi mvula yonyenga, mbewu ya haibridi yomwe adagula ndi ndalama ya lendi imangopsera m'nthaka.

Akatswiri amati mvula yodzalira ndi mamilimita pafupifupi 25 m'masiku atatu, popanda ng'amba yaitali pambuyo pake. Milimita imodzi ndiye lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Tsono mlimi angadziwe bwanji zimenezi choyezera chili kutali?

Maganizo anga ndi awa. Sukulu iliyonse ya pulaimale m'matauni athu ikhale ndi choyezera mvula chapamanja. Ana aziwerenga m'mawa uliwonse, manambalawo azilembedwa pa bolodi pamsika, ndipo alangizi aziwatumiza kwa azanyengo. Nawo azanyengo azitibwezera uthenga wa dera lathu lenileni, m'Chichewa, pa foni.

Makina nawonso amanama. Akatsekeka ndi masamba, kapena batire ikatha, amati sikudagwe mvula chonsecho misewu yakokoloka. Choyezera chapamanja chimaulula bodza lotere. Komanso anthu akaona phindu lake, sadzalekerera mbava kuzula masola a makinawa.

Tisaiwale kuti mu Disembala 2017 madzi osefukira adapha anthu ndi kugwetsa nyumba mumzinda uno, kuphatikizapo ku Kawale, Kaliyeka ndi Chipasula. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Lero makina akutha kuiimba ng'omayo. Chatsala n'chakuti imveke mpaka ku Biwi.