Karate iphunzitsidwe pabwalo

Karate ndi masewero odziteteza ndi manja ndi miyendo. Dzina limeneli litanthauza dzanja lopanda kanthu. Wosewera sagwira ndodo kapena mpeni.

Anthu ambiri amaganiza kuti karate imafuna nyumba yaikulu ya simenti, ngati za m'tauni. Amati kumudzi singatheke. Koma bwalo la sukulu ndi lokwanira.

Karate inayambira pa cilumba ca Okinawa, ku Japan. Aphunzitsi akale a kumeneko ankaphunzitsira panja, pabwalo la nyumba zawo. Mnyamata wina, dzina lake Gichin Funakoshi, anabadwa m'caka ca 1868. Iye ankaphunzira usiku pabwalo la mphunzitsi wake, nyali ikuwaunikira. Atakula, m'caka ca 1922, anakaonetsa karate mumzinda wa Tokyo. Lero karate ili m'maiko ambiri. Ngati iye anaphunzirira panja, mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano angathenso.

Ubwino woyamba wa bwalo ndi wakuti sililipiritsa. Mwana wa mlimi ndi mwana wa wamalonda amaima mzere umodzi.

Ubwino waukulu ndi wakuti makolo amaona okha. Makolo ena amaopa kuti mwana akaphunzira karate adzakhala wandeu. Manthawo ndi omveka. Koma pabwalo palibe cobisika. Mayi wocokera kucitsime angaime n'kuonerera. Adzaona ana akuweramirana poyamba ndi pomaliza, kupatsana ulemu. Adzaona ana aang'ono akumenya mphepo, osati anzawo. Mphunzitsi akakhala wankhanza, mudzi wonse udzadziwa tsiku lomwelo. M'nyumba yotseka citseko, ndani angaone?

Ena amati panja pali minga, dzuwa ndi mvula. Ndi zoona, ndipo zimenezi zifuna cisamaliro. Ana amasewera opanda nsapato. Conco bwalo lisesedwe kaye, acotse minga, miyala ndi mabotolo osweka. Aziphunzira m'mawa kapena madzulo, pamthunzi wa mtengo wa mango. Pafupi pakhale ndowa ya madzi akumwa. Mvula ikagwa, pansi pamaterera, ndipo tsiku limenelo ana apume. Asagwetsane padothi louma, cifukwa mkono wa mwana sucedwa kuthyoka.

Cimene sicingasowe ndi mphunzitsi wodziwa. Munthu amene anangoona karate pa kanema asaphunzitse ana. Afunika munthu amene anaphunzira kwa mphunzitsi weniweni, wodekha, wokonda ana. Iye aziwakumbutsa tsiku lililonse kuti karate si yoputira anthu panjira.

Conco makolo, aphunzitsi ndi amfumu akhale pansi akambirane. Ngati m'dera muli munthu wotere, amupatse bwalo la sukulu ndi tsiku limodzi pa mlungu. Atsikana ndi anyamata aloledwe onse. Kudikira nyumba ya simenti kudzacedwetsa ana, ndipo adzakula osaphunzira.